Ana Asawoloke Msewu

Injiniya wa boma analowetsa dzanja mumng'alu wa khoma mpaka wotchi yake inabisika. Atalitulutsa linali mbuu ndi fumbi la njerwa zofumbutuka. Analipukutira pa buluku n'kutembenukira mayi amene anaima kumbuyo kwake.

"Mayi, muno musalowenso mwana. Ngakhale mbuzi sindingailole."

"Abambo, sukulu tikutsegulira Lolemba."

"Khomali silidziwa Lolemba."

Anatenga chingwe chofiira m'galimoto mwake, n'kumanga pa zitseko zitatu za makalasi a ana ang'onoang'ono, ndipo anapita.

Mayiyo anali mkulu wa masukulu a dera lonselo. Udindowo unkamveka waukulu ukautchula, koma masukulu ake anali atatu okha: ya kumsika, ya kumtunda, ndi iyi ya kumunsi yomwe inang'alukayi. Ofesi yake inali zipinda ziwiri kuseri kwa positi. Anthu ankamutcha Mayi Tiona, chifukwa aliyense wobwera ndi dandaulo, kaya mphunzitsi wosowa nyumba, kaya kholo la mwana wokhala pansi, yankho linali lomwelo: "Tiona." Sanali waulesi ndipo sanali wabodza. Kungoti zofunika kuona zinkachuluka tsiku ndi tsiku, maso ali awiri omwewo.

Kale derali linali laling'ono, moti mphunzitsi ankadziwa mwana ndi agogo ake omwe. Kenako kunabwera fakitale ya simenti, anthu n'kusangalala kuti ntchito yapezeka. Walira mvula walira matope. Nyumba zinamera ngati bowa pa bwalo lomwe kale ankamenyerapo mpira, mitengo yonse inagwa, ndipo teremu iliyonse pa geti la sukulu ya kumunsi pankaima amayi achilendo atagwira ana kumanja ndi kumanzere. Makalasi atsopano anayamba kumangidwa ndithu. Makoma anaima chaka chatha, koma denga linali lisanakwere, chifukwa cha komiti.

Komitiyo inakumana masana omwewo mu ofesi ya Tiona. Inayenera kukhala ya anthu asanu, koma wachisanu anasamukira kumzinda ndipo ankangotumiza moni. Otsala anayiwo pa nkhani ya denga ankagawikana awiri uku awiri uku. A Malata, omwe anali ndi sitolo ya zipangizo zomangira, ankafuna kuti denga ligulidwe kwa iwo. Lamulo linkaletsa wa m'komiti kugulitsa katundu ku masukulu, ndipo yemwe ankawakumbutsa lamulolo nthawi zonse anali Tiona. Choncho a Malata, mothandizana ndi mlamu wawo, namwino wopuma ntchito, ankakana wogulitsa wina aliyense amene watchulidwa. Mbali inayo kunali wapampando, mwini sitolo ya mankhwala, ndi telala wa ku nyumba zatsopano, mayi wachitsikana wa pakamwa posachedwa.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero a Malata atamva za mng'alu. "Koma apa mitu inayi yalepheranso." Anaseka okha.

Wapampando ankalankhula mofatsa ngati akuwerengera munthu malangizo a pa botolo. "Nkhaniyi ndi yosavuta. Ku sukulu ya kumtunda kuli holo. Ana a makalasi atatuwo azipita kumeneko."

"Aziwoloka msewu waukulu?" anafunsa telala. "Ana oti mano akutsogolo sanamere? Wangatu ali momwemo!"

"Tiika chikwangwani."

"Malole a simenti amawerenga chikwangwani?"

Msewu umenewo Tiona ankaudziwa. Chaka chatha lole inagunda kamtsikana ka wometa tsitsi pamalo omwewo, ndipo anakanyamula pa galimoto yake kupita nako kuchipatala anali iye. Mwanayo anachira, koma mpaka pano amayendera ndodo. Mpando wakumbuyo wa galimotoyo anauchapa kangapo, banga silinachoke.

A Malata anabwera ndi nzeru ina. "Nanga bwanji tingolemba ana a eni dera okhaokha? Obwerawa akafunse fakitale yomwe inawaitana."

"Lamulo likuti mwana aliyense wokhala m'dera lino," anatero Tiona.

"Eya, lamulo. Tikakhale pansi pa lamulolo mvula ikamagwa."

Atakweza manja, atatu anavomereza zowoloka msewu, telala yekha anakana. Tiona analibe voti. Ntchito yake inali kulemba zomwe agwirizana ndi kukazichita. Anaika cholembera pansi n'kupempha kuti amupatse mpaka Lachisanu masana, apeze malo ena kutsidya lino la msewu.

"Pezani," anatero wapampando. "Mukalephera, Lolemba awoloka."

M'mawa mwake Tiona anayambira ku fakitale. Anamukhazika pa mpando wofewa m'chipinda chozizira, anamupatsa chakumwa, ndipo bwana wake anamvetsera akugwedeza mutu mwachisoni. Nyumba zosungiramo katundu zinalipo, zina zopanda kanthu, koma kuti ana alowemo pankafunika chilolezo cha eni kampani, omwe ankakhala kunja ndipo ankakumana kamodzikamodzi. Potuluka anamupatsa kalendala. Ku tchalitchi abusa anamuonetsa holo yabwino, ya matailosi, n'kumukumbutsa kuti nthawi ina atabwereketsa kwa ana a sukulu, mawindo anatha ngati kwagwa matalala. Akuluakulu a mpingo analumbira kuti sizidzachitikanso. Anapita kwa mwini nyumba yoonetseramo mpira pa kanema, yemwe anavomera mosavuta, koma Tiona atalowa anapeza mulibe windo ngakhale limodzi, ndipo khomo lake linkayang'anizana ndi bala. Anafunsa kwa mwini chigayo chakufa, anafunsa kwa wogulitsa matabwa. Dzuwa linkapendeka ali ndi kalendala yokha pa mpando wa galimoto, mapazi atatupa m'nsapato.

Malo amodzi ankawadziwa kuyambira m'mawa, ndipo tsiku lonse ankawazungulira ngati galu pa mphika wotentha. Inali galaja ya malemu alamu ake, amakaniko, nyumba yaitali ya denga labwino ndi zitseko zazikulu zachitsulo, pafupi kwenikweni ndi sukulu ya kumunsi. Chimwalirire eni ake inali yokiya. Makiyi anali ndi achemwali ake a Tiona, ndipo achemwali akewo anasiya kalekale kumulankhula.

Chifukwa chake chinali mwana wawo wamwamuna. Anali mphunzitsi pa sukulu ya kumsika, mphunzitsi wabwino ndithu akakhala kuti sanalawe. Tsiku lina analowa m'kalasi atamwa, mwana wina anaseka, iye n'kumuwomba mbama yomwe inamugonthetsa khutu limodzi. Anthu ankayembekeza kuti poti mkulu wa masukulu ndi mayi ake aang'ono, nkhaniyo ithera m'madzi. Tiona anamuchotsa ntchito sabata yomweyo.

Lachisanu m'mawa anaimika galimoto patali, n'kuyenda wapansi. Anawapeza achemwali ake akuyanika zovala pa waya, pakati pa nyumba ndi galaja.

"Odi, achemwali."

Iwo anayang'ana, kenako anapitiriza kufinya malaya. "Kodi kwagwa maliro?"

"Ayi."

"Ndimadabwatu. Anthu akuluakulu sayenda chabe."

Sanamupatse mpando. Tiona anafotokoza ali chiimire: mng'alu, chingwe chofiira, msewu, malole. Anati boma lizilipira lendi, ndipo zida za malemu aziika pabwino, palibe chidzasowe. Achemwali ake anamvetsera mpaka kumapeto, akukung'untha chovala chimodzichimodzi.

"Ndiye ukufuna nyumba ya mwamuna wanga, kuti muzikhala ana a eni ake."

"Kwa kanthawi, mpaka denga likwere."

"Wanga mwana ali m'nyumbamu. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, wa mapepala ake, amadzuka n'kukhala, n'kugonanso. Ukumva wailesi ikulirayo? Ndi ntchito yake imeneyo. Iweyo unamukhazika."

"Achemwali, anagonthetsa mwana."

"Anasiya. Chimwalirire bambo ake sanalawepo ngakhale dontho."

"Ndikukhulupirira. Koma makolo..."

"Umubwezere ntchito, utenge makiyi. Lendi yako sindikuifuna."

Tiona anagwada pomwepo, pa dothi lonyowa ndi madzi ochapira. Chiyambire ntchito anali asanagwadirepo munthu, ngakhale akuluakulu a ku likulu. "Pemphani china chilichonse. Tengani galimoto yangayo. Chibale ndi fupa, achemwali, sichiola."

"Lero wadziwa zimenezo? Dzuka, uipitsa siketi ya ku ofesi."

Anadzuka, mawondo ali matope, n'kutuluka pa geti. Sanapite ku ofesi. Anayendetsa galimoto mpaka pa msewu waukulu n'kuiimika m'mbali, pansi pa chikwangwani cha mafuta. Malole ankatsika kuchokera ku fakitale atalemedwa, motsatizana, ndipo iliyonse ikadutsa galimoto yake inkagwedezeka. Kutsidya kunaima mayi wina, mwana kumsana, thumba pamutu. Ankaponya phazi mumsewu n'kulibweza, kuponya n'kulibweza. Atapeza mpata anathamanga, thumba linagwa pakati pa msewu, ndipo sanalibwerere. Lole yotsatira inaliponda, tomato n'kumwazika. Tiona anayesa kuganiza kagulu ka ana ovala yunifolomu zazikulu kuwaposa ataima pamenepo m'mawa uliwonse, wina nsapato itavuka, wina akuthamangira mnzake. Anaganizanso za mwana wogontha khutu uja, momwe amapendeketsera mutu munthu akamamulankhula. Kenako analiza galimoto n'kubwerera.

"Ndikalankhula ku komiti," anatero ali pa geti la achemwali ake.

"Usakalankhule. Ukachite."

Katani ya pa windo inagwedezeka. Mwana wa achemwali akeyo anali akumva zonse, koma sanatuluke.

Masana komiti inakumananso. Tiona sanabise kanthu. Anati malo apezeka, abwino, kutsidya lino, ndipo mtengo wake ndi wakuti mphunzitsi uja abwerere ntchito. A Malata anayamba kuseka. Anaseka mpaka anavula magalasi n'kupukuta misozi.

"Mayi a malamulo! Mayi a lamulo-likuti! Lero mwabwera ndi mwana wa achemwali anu m'chikwama?"

"Sekani, abambo. Mukatha mundiyankhe."

"Ine ndilibe mawu oipa. Munthu amalakwa, amakhululukidwa. Ine dzanja ndikweza, alamu anganso akweza." Namwino anavomera ndi mutu. "Koma kupatsa n'kuika, mayi. Nawonso makoma aja akuzizidwa. Malata ali m'sitolo mwanga, mawa lomwe akhoza kunyamuka."

Tiona ankadziwa kuti zifika pamenepo. Anayang'ana buku la malamulo lomwe linali pa shelefu, lakuda m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa, ndipo sanalitsitse.

"Sindiletsa," anatero.

Wapampando anatsokomola. "Mulembe bwinobwino kuti ine ndakana zonse ziwiri. Za likulu zikadzafika, dzina langa lisadzapezeke pamenepo. Ndipo mudziwe, mayi, kuti zikadzavuta woyamba kugwa ndi inu."

Awiri kuvomera, mmodzi kukana. Onse anatembenukira kwa telala. Iye anali atakhala chowerama, akupotokola tepi yoyezera yomwe anaiwala kuvula m'khosi.

"Ndiye mukundiuza kuti ndimusankhire mwana wanga," anatero. "Lole kapena mbama."

Anatembenukira kwa Tiona.

"Mayi Tiona, ine ndinkakudalirani. Amayi a kwathu kuja akamadandaula ndimawauza kuti musade nkhawa, kuli mayi uja, sagulika."

"Ndikudziwa."

"Musandiuze kuti tiona."

"Sindinena. Ndizikhala m'kalasi mwakemo ineyo, tsiku lililonse, mpaka titatulukamo m'galajamo. Tebulo langa ndisamutsira momwemo."

Telala anakweza dzanja, osati pamwamba, anangolitukula pang'ono ngati likumupweteka, ndipo msonkhano usanatsekedwe anatuluka osatsanzika. Tiona analemba zonse monga zinachitikira, dzina lake lomwe, mawu ake omwe.

Loweruka achemwali ake anatsegula okha zitseko zachitsulo zija. Munatuluka fungo la oyilo wakale ndi matayala. Pakati panali dzenje lalitali lomwe amakaniko ankalowamo pokonza galimoto kunsi, m'makoma muli masipanala atapachikidwa mwa msinkhu wake, ndipo pa msomali wa kuseri kwa chitseko panali ovololo ya malemu, itaumbika mawondo ngati mwini wake wangoivula. Achemwali anaitsitsa, anaipinda, n'kupita nayo kunyumba osalankhula ndi munthu. Aphunzitsi ndi makolo ochepa anagwira ntchito masiku awiri onsewo. Anatseka dzenje ndi matabwa okhuthala n'kukhomera, anathira utuchi pa oyilo, anakolopa ndi sopo wa ufa mpaka manja anasupuka, koma simenti inakhalabe yakuda. Anagawa makalasi atatu ndi mapulayiwudi ofika m'mapewa. Madesiki anawasenza pamutu kuchokera ku sukulu, atawatulutsira pa mawindo poopa kudula chingwe cha injiniya.

Lolemba ana anabwera ochuluka kuposa omwe analembetsa. Kumapeto kwa sabata fakitale inali italandira antchito ena, ndipo akazi awo anaima pa geti ndi ana osambitsidwa bwino, opaka mafuta mpaka kuwala. Tiona sanabweze aliyense. Pa desiki ya awiri anakhazikapo anayi, otsala pa makatoni.

Mphunzitsi uja anafika molawirira, atameta, atavala malaya oyera a bambo ake, aakulu m'khosi. Anali atawonda kwambiri. Anaima patsogolo pa Tiona manja ali kumbuyo.

"Mwadzuka bwanji, amayi aang'ono?"

"Kuno ndine mkulu wa masukulu. Tayandikira."

Anayandikira, ndipo Tiona anamununkhiza mosabisa, anthu akuona. Ankamveka sopo yekha. Mnyamatayo anayang'ana pansi.

"Sindinawatume amayi," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa. Kalasi yako ndi ya pakatiyo."

Mayi wina wogulitsa makala, yemwe kale ankakhala kufupi ndi msika, anamuzindikira mphunzitsiyo. Analowa mpaka pa desiki, anagwira mwana wake pa mkono n'kumudzutsa.

"Si uja ameneyu? Mwatibweretsera yemwe uja?"

"Ndi yemweyo, mayi," anatero Tiona. "Ine ndikhala apa, tebulo langa ndi ili."

"Mukhala apo mpaka liti? Simudzadwala inu? Simudzaitanidwa ku msonkhano?"

Mayiyo anatuluka ndi mwana wake, ndipo amayi ena awiri anamutsatira ndi awo. Otsalawo anaima pa zitseko, manja m'chiuno, kudikira kuti aone.

Maphunziro anayamba. Makalasi atatu pansi pa denga limodzi ankamveka ngati msika: uku akuimba zilembo, uku akuwerenga manambala, uku wina akulira kufuna amayi ake. Mphunzitsi uja anatenga choko, ndipo dzanja linkanjenjemera moti chilembo choyamba chinatuluka chokhota. Kamnyamata ka kutsogolo kanaseka. Tiona anapezeka ataimirira. Mphunzitsiyo anaima kanthawi atayang'ana bolodi, msana uli gwa. Kenako anafufuta ndi chikhatho.

"Chimenechi chinali chilembo choledzera," anatero. "Tiyeni tilembe chabwinobwino."

Ana anaseka onse, iye osaseka. Tiona anakhala pansi pang'onopang'ono. Foni yake inali ikulira pa tebulo: mphunzitsi wamkulu wa ku sukulu ya kumtunda, kenako wa kumsika, kenako nambala ya ku likulu. Anaitembenuza chafufumimba.

Dzuwa litakwera, denga linayamba kutentha ndipo fungo la oyilo linabukanso kuchokera pansi. Mwana wina anasanza. Tiona akupukuta, kamtsikana kena kanamukoka siketi.

"Madamu, ndikufuna kukataya madzi."

Apo m'pamene Tiona anakumbukira. Masiku onsewa ankaganiza za denga, za dzenje, za madesiki. Galajayo inali ndi chimbudzi chimodzi chokha kuseri, chomwe chitseko chake chinagwa kalekale, ndipo pa khomo pake panali kale mzere wa ana opinda miyendo. Ku sukulu yakale kunali kutali kwa mwana wopanikizika.

"Inenso, madamu." "Inenso."

Anawagwiritsa mapewa, wina kumbuyo kwa mnzake, n'kuwatsogolera kudutsa pansi pa waya wa zovala mpaka pa khomo la nyumba ya achemwali ake. Popita anacheuka kawiri kuyang'ana kalasi ya pakati ija, yomwe anali atangoisiya yopanda maso tsiku loyamba lomwelo. Anagogoda.

Achemwali anatsegula pang'ono. Anayang'ana Tiona, anayang'ana mzere wa ana womwe unafika mpaka pa mpopi.

"Izi sitinapangane."

"Sitinapangane."

Kamtsikana kakutsogolo kankapondaponda, misozi ili m'maso. Achemwali anang'ung'udza, n'kukankha chitseko chonse.

"Muvule nsapato, ndakolopa kumene. Mmodzimmodzi! Iwe, usagwire khoma." Anatembenukira kwa Tiona. "Nanga iwe waimiranji? Bwerera kuntchito kwako, awa ndiwabweretsa ndekha."

Tiona anabwerera chothamanga, nsapato zikumira m'dothi lonyowa.